Madzi a pa Mwezi: zimene zombo zaona zili m'mwamba, ndi zimene sizinaonekebe

Amene amatsatira nkhani za m'mlengalenga anamvapo kangapo konse kuti asayansi apeza madzi pa Mwezi. Nkhaniyi inamveka mu 1996, inamvekanso mu 1998. Mu 2009 inamveka kawiri, mu Seputembala ndi mu Novembala. Inabweranso mu 2018, kenako mu 2020. Ndiye munthu akafunsa kuti madzi amodzimodziwo amapezeka kangati, sanalakwe. Nanga ngati anapezeka kalekale, mayiko akupitiriziranji kutumiza zombo zokawafunafuna?

Chimene chimasokoneza n'chakuti zilengezo zonsezi sizinkanena chinthu chimodzi. China chinkanena za haidirojeni (chimodzi mwa zinthu ziwiri zimene zimapanga madzi) wobisika m'dothi, china za timadzi tomatirira pa fumbi limene dzuwa limawombapo, china za madzi oundana m'maenje amene dzuwa silifikamo. Komanso zambiri zimene tikudziwa zinachokera ku zombo zimene zimangozungulira Mwezi osatera. Chombo chotere sichikumba, sichitapa dothi. Chimayeza chili m'mwamba, ndipo chipangizo chilichonse chimene chanyamula chimaona chizindikiro chimodzi chokha. Mukadziwa chimene chipangizo chilichonse chimatha kuona ndi chimene sichingathe, nkhani yonse imayamba kumveka.

Chombo chimene chatiuza zambiri

Pa 18 Juni 2009 bungwe la NASA la ku America linatumiza chombo chotchedwa Lunar Reconnaissance Orbiter, mwachidule LRO, kuchokera ku Cape Canaveral. Ntchito yake inali yojambula mapu a Mwezi wonse, oti adzathandize posankha malo oterapo. M'zaka zoyambirira chinkayenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pansi, ndipo njira yake imadutsa cha ku nsonga ya kumpoto ndi ya kumwera. Ulendo umodzi wozungulira umatenga maola pafupifupi awiri. Pamene chombo chikuyenda choncho, Mwezi nawo ukutembenuka pang'onopang'ono pansi pake, kotero m'kupita kwa nthawi chimadutsa pamwamba pa dera lililonse, koma kunsonga kuja chimafikako ulendo uliwonse. N'chifukwa chake madera a kunsonga ndi amene anayezedwa mobwerezabwereza kuposa ena onse.

Chombochi chinanyamula zipangizo 7. Chodziwika kwambiri ndi makamera a LROC, amene amatha kusiyanitsa zinthu zotalikirana masentimita 50 okha. Mu 2011 chombocho chitatsitsidwa pang'ono, makamerawa anajambula malo amene anthu a Apollo (maulendo a NASA amene anafikitsa anthu pa Mwezi) anatera, ndipo pa zithunzizo pamaoneka tinjira timene anapondaponda. Koma kamera imafuna kuwala, pamene madzi amene tikuwafunawa ali kumdima. Pa nkhani ya madzi, ntchito yaikulu inagwera zipangizo zina zimene mayina ake samveka kawirikawiri: LOLA, Diviner, LEND, LAMP ndi Mini-RF.

Chifukwa chimene Mwezi unkatchedwa wouma

Pakati pa 1969 ndi 1972 anthu a Apollo anabweretsa makilogalamu 382 a miyala ndi dothi. Asayansi atayeza anapeza kuti miyalayo ndi youma kuposa miyala ya Dziko Lapansi. Munalibe dongo, ndipo tizitsulo timene tinali m'miyala yambiri tinali tosachita dzimbiri. Timadzi tochepa timene tinkapezeka ankati tinalowamo miyalayo itafika kale kuno. Mu 1978 asayansi a ku Soviet Union analemba kuti apeza madzi ochepa m'dothi limene chombo cha Luna 24 chinabweretsa mu 1976, koma anthu ambiri sanazitengere.

Panalinso zifukwa zomveka. Mwezi ulibe mpweya wokwanira kupanikiza madzi kuti akhale amadzimadzi. Mutathira madzi pamenepo, ena angawire nthawi yomweyo, ena angaundane, ndipo oundanawo dzuwa likawawomba amasanduka nthunzi osayamba asungunuka. Masana, pakatikati pa Mwezi pamatentha kufika madigiri pafupifupi 120. Mphamvu yokokera zinthu pansi ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu ya Dziko Lapansi, ndipo kuwala kwa dzuwa kumaswa mamolekyu a madzi amene ali pamtetete. Choncho nyanja, mitsinje kapena zithaphwi kulibe, ndipo palibe chilengezo chilichonse chimene chinanenapo zimenezo.

Maganizo oti Mwezi ndi wouma kotheratu anayamba kugwedezeka mu 2008. Alberto Saal wa ku yunivesite ya Brown ndi anzake anayezanso timikanda ta galasi timene anthu a Apollo 15 ndi 17 anatola, timene tinapangika pamene chiphalaphala chinkatumphuka kuchokera pansi zaka mabiliyoni atatu ndi kupitirira zapitazo. Ndi makina atsopano anapeza timadzi m'kati mwenimweni mwa timikandato. Amenewa ndi mtundu umodzi wa madzi a pa Mwezi: otsekeredwa m'mwala, ochokera m'mimba mwa Mwezi, osatheka kuwatunga.

Maenje a mdima wosatha

Dziko Lapansi limazungulira litapendekeka madigiri 23.5, n'chifukwa chake ngakhale ku nsonga zake dzuwa limakwera ndithu m'mwamba nyengo yotentha. Mwezi ndi wopendekeka madigiri 1.5 okha poyerekeza ndi njira ya dzuwa. Munthu ataima pa nsonga ya kumwera ya Mwezi angaone dzuwa likungoyenda chokwawa m'mphepete mwa thambo chaka chonse, osakwera, osalowa kwenikweni. Kuwala kobwera chammbali chotere kumagunda milomo ya maenje, koma pansi pake sikufika. Tengani dzenje la Shackleton, limene lili pa nsonga yeniyeniyo. Ndi lotambalala makilomita 21, lakuya makilomita opitirira 4. Malo ena a pamlomo pake amakhala padzuwa nthawi yambiri ya chaka, pamene pansi pake dzuwa siliwombapo ngakhale tsiku limodzi.

Mu 1961 asayansi atatu a ku yunivesite ya Caltech ku America, Kenneth Watson, Bruce Murray ndi Harrison Brown, anawerengera zimene zingachitike ku molekyu ya madzi imene yafika pa Mwezi. Ikagwa pamalo otentha sikhalitsa, imadumpha n'kukagwa pena, n'kudumphanso. Zambiri zimaswedwa ndi dzuwa kapena kuthawira m'mlengalenga. Koma imodzi mwa zambiri ikagwera m'dzenje lozizira kwambiri, mphamvu yodumphira imaithera ndipo imakhala pomwepo. Mawerengedwe amasonyeza kuti pamalo ozizira kuposa madigiri pafupifupi 160 pansi pa ziro, madzi oundana angakhale zaka biliyoni osatha. Malo oterewa ndi amene amatchedwa misampha ya chisanu.

Kwa zaka pafupifupi 50 zimenezi zinali za papepala. Anabwera kudzaziyeza ndi LOLA ndi Diviner. LOLA imawombera pansi kuwala kwa leza maulendo 28 pa sekondi, kogawidwa m'timizere tisanu, n'kuwerenga nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kubwerere. Popeza kuwalako n'kwake, mdima suisokoneza. Miyezo yake mabiliyoni angapo inapanga mapu osonyeza kuya kwa dzenje lililonse ndi kutalika kwa phiri lililonse, ndipo pa mapu amenewo kompyuta imatha kuwerengera malo amene mthunzi suchokapo. Diviner imayeza kutentha kumene dothi likutulutsa. M'maenje ena a kumwera inapeza madigiri pafupifupi 238 pansi pa ziro, ndipo m'dzenje la Hermite, kufupi ndi nsonga ya kumpoto, inapeza madigiri 247 pansi pa ziro. Kuti mumvetse kuzizira kumeneku, ku siteshoni ya Vostok ku Antarctica anayeza madigiri 89.2 pansi pa ziro mu 1983, ndipo palibe siteshoni ina pa Dziko Lapansi imene inayezapo kuzizira koposa apo. Malire enieni a kuzizira, amene palibe chinthu chingawapitirire, ndi madigiri 273 pansi pa ziro.

Mu 2020 Paul Hayne ndi anzake anasonyeza kuti misampha imeneyi si maenje akuluakulu okha. Kufupi ndi nsonga, ngakhale kamthunzi ka kuseri kwa mwala kangakhale kozizira mokwanira. Atawerengera yonse, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, anapeza malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 40,000. Komabe tisathamange. Diviner imatiuza kumene madzi oundana angathe kukhala. Siitiuza kuti alikodi.

Kuwerenga manyutroni

Usana ndi usiku Mwezi umamenyedwa ndi tizinthu tothamanga kwambiri tochokera kutali m'mlengalenga. Tikalowa m'dothi timaswa maatomu n'kutulutsa tizigawo totchedwa manyutroni. Manyutroniwa amagundagunda maatomu ena m'dothimo, ndipo ena amatulukira kunja n'kukafika pamene pali chombo.

Nyutroni imalemera pafupifupi chimodzimodzi ndi phata la atomu ya haidirojeni, ndipo nzeru yonse yagona pamenepa. Mukaponya mpira pakhoma umabwerera ndi liwiro lake pafupifupi lonse, chifukwa khomalo silisuntha. Koma mukaugunditsa pa mpira unzake wolemera mofanana, liwiro lake lalikulu limapita kwa unzakewo. Maatomu a chitsulo, a silikoni ndi a okosijeni ali ngati khoma lija, pamene haidirojeni ali ngati mpira unzake. Dothi likakhala ndi haidirojeni wambiri, manyutroni amataya liwiro msanga, ndipo a liwiro lapakati amene amafika pa chombo amachepa.

Chombo cha NASA cha Lunar Prospector chinaona kuchepa kumeneku pa nsonga zonse ziwiri mu 1998, ndipo ndi pamene panachokera chilengezo cha chaka chimenecho. Vuto lake n'lakuti haidirojeni si madzi. Molekyu ya madzi ili ndi maatomu awiri a haidirojeni ndi imodzi ya okosijeni, koma haidirojeni amapezekanso m'zinthu zina, ndipo dzuwa lenilenilo limamwaza haidirojeni pa Mwezi tsiku ndi tsiku. Vuto lachiwiri n'lakuti chipangizo chake chowerengera manyutroni chinkaona dera la makilomita makumi angapo nthawi imodzi, moti sichikanatha kuloza dzenje limodzi. Pa 31 Julayi 1999 chombocho anachigwetsera dala m'dzenje la Shoemaker kuti mwina nthunzi ingatuluke, koma makina oonera zakutali a pa Dziko Lapansi sanaone chilichonse.

LEND, chipangizo cha LRO chowerengera manyutroni, imene inapangidwa ndi bungwe lofufuza za m'mlengalenga la ku Moscow, inaikidwa chotchinga choti izingoyang'ana kadera kochepa. Zimene inapeza zinawonjezera mafunso. Maenje ena amdima, monga Cabeus ndi Shoemaker, ali ndi haidirojeni wambiri. Ena, ozizira chimodzimodzi, saonetsa zambiri. Ndiye palinso malo amene dzuwa limafikako nthawi zina koma haidirojeni alipo, mwina chifukwa wabisika pansi pa dothi louma, pakuti manyutroni amanena za dothi lofika kuya kwa mita imodzi. Akatswiri ena anatsutsa kuti chotchinga cha LEND sichitchinga mmene anachipangira, kotero mapu ake si akuthwa mmene amaonekera. Amene anaipanga anayankha ndi mawerengedwe awo, ndipo mkanganowo unalembedwa poyera m'magazini a sayansi.

Rada, ndi mkangano wa miyala

Rada imatumiza mafunde a wailesi n'kumvera mmene abwerera. Madzi oundana ochindikala amabweza mafundewo mwa njira yawoyawo, chifukwa mafunde amalowa m'kati n'kugundagunda m'ming'alu asanatuluke. Mu 1994 chombo cha America cha Clementine chinalozetsa mafunde ake ku nsonga ya kumwera, ndipo anawamvera ndi madishi a pa Dziko Lapansi. Zotsatira zake, zimene zinalengezedwa mu 1996, zinaonetsa kachizindikiro kotere. Mu 2010 gulu la Paul Spudis, pogwiritsa ntchito rada ya Mini-SAR ya pa chombo cha India cha Chandrayaan-1, linanena za maenje ang'onoang'ono opitirira 40 kufupi ndi nsonga ya kumpoto, ndipo linayerekeza kuti mungakhale madzi oundana okwana matani 600 miliyoni.

Nambala imeneyi imatchulidwa kwambiri, koma ndi yongoyerekeza, ndipo yatsamira pa mfundo imene ena saivomereza. Malo a miyala yambiri yosongoka amabweza mafunde mofanana ndi madzi oundana. Asayansi amene anagwiritsa ntchito dishi lalikulu la ku Arecibo, pa chilumba cha Puerto Rico, anaonetsa mu 2006 kuti chizindikiro chomwecho chimapezekanso pa zitunda zimene dzuwa limawombapo, pamene madzi oundana sangakhale. Mini-RF, rada ya pa LRO, yayeza maenje ambiri kuyambira nthawi imeneyo, ndipo mpaka pano rada payokha sinathe kulekanitsa miyala ndi madzi mokhutiritsa onse.

Madzi a padzuwa

Chinthu chilichonse chimameza mitundu ina ya kuwala n'kubweza ina. Mukayeza kuwala kwa dzuwa kumene dothi labweza n'kuona mtundu umene ukusowa, mumadziwa chimene chaumeza. Chombo cha Chandrayaan-1, chimene bungwe la ISRO la ku India linatumiza pa 22 Okutobala 2008, chinanyamula chipangizo cha NASA chotchedwa Moon Mineralogy Mapper, chimene ankachitsogolera Carle Pieters. Cholinga chake chinali kudziwa mitundu ya miyala. Koma chinaona kuti kuwala kwina kosaoneka ndi maso, kwa infrared ya mamaikromita pafupifupi 3 (muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala, umene umasiyanitsa mitundu yake), kukumezedwa pa madera akuluakulu a Mwezi, makamaka chakunsonga. Kuwala kumeneko kumamezedwa pamene okosijeni walumikizana ndi haidirojeni.

Zinali zovuta kukhulupirira, chifukwa amenewa anali malo a padzuwa. Gululo linafunsa anzawo amene anali ndi miyezo ya zombo zina ziwiri zimene zinayang'anapo Mwezi zili pa ulendo wopita kwina, Cassini ndi Deep Impact. Zonse zinaonetsa chomwecho, ndipo mu Seputembala 2009 zotsatira za zombo zitatuzi zinatuluka pamodzi.

Komabe panali chimene chipangizochi sichikanatha kusiyanitsa. Okosijeni mmodzi ndi haidirojeni awiri ndi madzi. Okosijeni mmodzi ndi haidirojeni mmodzi ndi chinthu china, chimene chimalembedwa OH ndipo chimakhala chomatirira ku mwala. Pa mamaikromita 3 ziwirizi zimaoneka mofanana. Kumene zimachokera kukumveka ndithu: dzuwa limatulutsa mphepo ya tizigawo ta haidirojeni, ndipo gawo loposa 40 pa 100 la kulemera kwa dothi la pa Mwezi ndi okosijeni womangika m'miyala. Ziwirizi zikakumana pa kanjere ka fumbi zimatha kulumikizana. Deep Impact inaona kuti chizindikirocho chimakula m'mawa ndi madzulo n'kuchepa masana, ndipo mu 2019 miyezo ya LAMP, chipangizo cha LRO choyeza kuwala kosaoneka ndi maso kwa ultraviolet, inaonetsanso kusinthasintha kofanana.

Chilengezo cha mu Okutobala 2020 chinabwera kudzayankha funso loti ndi madzi enieni kapena OH. Sichinachokere ku chombo koma ku SOFIA, ndege ya Boeing 747 yonyamula makina oonera zakutali, imene inkauluka pamwamba pa nthunzi yambiri ya mumpweya wathu. Casey Honniball ndi anzake anayang'ana pa mamaikromita 6, pamene madzi enieni okha ndi amene amaonekera, ndipo anawapeza m'dera la dzenje la Clavius, padzuwa. Kuchuluka kwake kunali magawo 100 mpaka 412 pa miliyoni, kutanthauza madzi pafupifupi mamililita 350 omwazikana m'dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse. Mchenga wa m'chipululu cha Sahara uli ndi madzi ochuluka maulendo pafupifupi 100 kuposa pamenepa. Dothi limene chombo cha China cha Chang'e 5 chinabweretsa mu Disembala 2020, magalamu 1,731, linathandiza kufotokoza kumene madzi otere amabisala: mu 2023 ofufuza anawapeza m'timikanda ta galasi topangika miyala ikagwa, ndipo haidirojeni wake ankasonyeza kuti ndi wochokera ku dzuwa.

Mphindi zinayi za ku Cabeus

Umboni wamphamvu kuposa wonse unachokera ku chinthu chimene chinakhudzadi dothi, ngakhale kuti chinalikhudza mwa kuligunda. Roketi imene inanyamula LRO inanyamulanso kachombo kena kotchedwa LCROSS. Kachomboka sikanataye chigawo chapamwamba cha roketiyo, chotchedwa Centaur, koma kanayenda nacho kwa miyezi pafupifupi inayi, chikutulutsa mafuta otsala kuti chisadzasokoneze miyezo. Malo ogundapo anawasankha potsatira miyezo ya manyutroni: dzenje la Cabeus, lotambalala makilomita pafupifupi 100, kufupi ndi nsonga ya kumwera.

Pa 9 Okutobala 2009 Centaur, yolemera matani opitirira awiri, inagwera mumdima wa Cabeus pa liwiro la makilomita pafupifupi 9,000 pa ola. LCROSS inkabwera m'mbuyo, itatsalira ndi mphindi zinayi. Dothi limene linali lisanaonepo dzuwa kwa zaka zosawerengeka linatumphukira m'mwamba mpaka linapitirira mthunzi wa dzenjelo n'kufika padzuwa. M'mphindi zinayi zimenezo zipangizo za LCROSS zinayeza kuwala kodutsa m'fumbilo, kachomboko kakutumiza miyezo ku Dziko Lapansi sekondi iliyonse, mpaka nako kanagunda pansi. LRO inali ikudutsa chapafupi, ndipo Diviner inaona kutentha kwa pamalo ogundidwawo pamene LAMP inkayeza mpweya umene unatuluka.

Anthu ambiri amene anadzuka usiku ndi makina awo oonera zakutali anakhumudwa, chifukwa fumbilo silinaoneke kuchokera kuno. Koma miyezo inali itafika. Mu Novembala gulu la Anthony Colaprete linalengeza kuti madzi analimo, ndipo mu 2010 linatulutsa manambala: makilogalamu pafupifupi 155 a nthunzi ndi madzi oundana m'gawo la fumbi limene zipangizo zinaona. Anawerengera kuti madzi anali magawo 5.6 pa 100 a kulemera kwa dothilo, ndipo iwo eni ananena kuti nambalayi ingakwere kapena kutsika ndi 2.9. M'fumbimo munalinso zinthu zina, monga amoniya, mpweya wa salufa, mpweya wa carbon monoxide ngakhalenso chitsulo chamadzimadzi chotchedwa mercury.

Ndimaona kuti m'nkhani yonseyi palibe muyezo wina wolemera ngati umenewu. Apa si haidirojeni chabe, si chizindikiro chimene miyala ingatsanzire, ndi madzi enieni otuluka m'dzenje lamdima, monga anawerengera anthu atatu aja mu 1961. Koma ndi malo amodzi, kadzenje ka mamita osapitirira 30 m'chidzenje cha makilomita 100, tsiku limodzi. Zimene zili pa mtunda wa kilomita imodzi kuchokera pamenepo, kugundako sikunanene.

Kuona mumdima

Mdima wa m'maenjewa si wa bii kotheratu. Dzuwa likawomba khoma la dzenje, kuwala pang'ono kumanjanjira pansi. Chombo cha Japan cha Kaguya chinagwiritsa ntchito kuwala kofooka kumeneku kujambula pansi pa Shackleton, ndipo zithunzi zimene zinatuluka mu 2008 sizinaonetse chipale choyera cha madzi oundana. Panali dothi basi. Mu 2012 LOLA inapeza kuti pansi pa Shackleton pamabweza leza kwambiri kuposa maenje oyandikana nalo. Ofufuzawo ananena kuti mwina ndi madzi oundana osakanikirana ndi fumbi lapamwamba, koma anawonjezera kuti dothi limene langogumuka kumene, losadetsedwa ndi mphepo ya dzuwa, limawalanso chimodzimodzi.

LAMP ili ndi njira yodabwitsa. Siidalira dzuwa koma kuwala kwa ultraviolet kochokera ku nyenyezi zakutali ndi ku haidirojeni womwazikana m'mlengalenga, kumene kumagwa kuchokera mbali zonse, m'maenje momwe. Inapeza kuti m'maenje ena amdima dothi lapamwamba ndi lofumbutuka kwambiri, ndipo lingakhale ndi chisanu cha madzi chokwana gawo limodzi kapena awiri pa 100.

Mu 2018 Shuai Li wa ku yunivesite ya Hawaii anabwerera ku miyezo yakale ya Moon Mineralogy Mapper, ya malo amdima imene poyamba inkaoneka yopanda ntchito. M'kuwala kofookako anafufuza zizindikiro zitatu zimene madzi oundana okha amasonyeza, ndipo anazipeza. Kumwera zinali zounjikana m'maenje, kumpoto zinali zomwazikana. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti zinapezeka pa magawo pafupifupi 3.5 pa 100 okha a misampha ya chisanu. Kuyambira kumapeto kwa 2022, chombo cha South Korea cha Danuri chakhala chikuzungulira Mwezi ndi kamera ya NASA yotchedwa ShadowCam, yomva kuwala maulendo pafupifupi 200 kuposa ya LRO. Zithunzi zake zimaonetsa pansi pa maenjewa bwinobwino, mpaka kanjira kamene mwala unasiya pogubuduzika pa khoma la Shackleton. Nyanja youndana yoti munthu n'kuloza ndi chala sinaoneke.

Pali chifukwa chimodzi chimene chingafotokoze zimenezi, ndipo chinachokera ku makamera a LRO. Poyerekeza zithunzi za malo amodzi zojambulidwa nthawi zosiyana, ofufuza anapeza mu 2016 maenje atsopano 222 amene anakumbika chombocho chili kale kumeneko. Anawerengera kuti timiyala togwa kuchokera m'mlengalenga timatembenuza masentimita awiri apamwamba a dothi pa zaka pafupifupi 81,000 zilizonse, mofulumira kwambiri kuposa mmene ankaganizira. Madzi oundana amene anagwa pamtunda kalekale ayenera kuti anaphwanyidwa, kusakanizidwa ndi kukwiriridwa, ndipo ena anatayika.

Zimene zidakali m'malere

Funso loyamba ndi la kuchuluka ndi maonekedwe. Kodi ndi tinjere tosakanikirana ndi fumbi, kapena dothi lolimba lomangidwa ndi madzi oundana, kapena zibuma zobisika mamita angapo pansi pamene manyutroni safika? Kusiyana kwake n'kwakukulu kwa amene akufuna kudzawagwiritsa ntchito, pakuti madzi angamwedwe, angapereke okosijeni wopuma, ndipo akagawidwa kukhala haidirojeni ndi okosijeni amasanduka mafuta a roketi. Yankho likufuna chobowolera chimene chingalowe mumdimamo, ndipo zimenezi zakhala zikuvuta. Chandrayaan-3 ya ku India inatera bwino pa 23 Ogasiti 2023, koma pa madigiri pafupifupi 69 kumwera, kutali ndi maenje amdima. Mu Malichi 2025 chombo cha Athena, cha kampani ya ku America, chimene chinanyamula chobowolera cha NASA, chinatera kufupi ndi nsonga koma chinagwa chammbali ndipo sichinabowole. Lunar Trailblazer ya NASA, imene inanyamuka pa roketi yomweyo kuti ikajambule mapu a madzi, inasiya kuyankha itangonyamuka.

Funso lina ndi la kumene madziwa anachokera. Ena amati anabwera ndi nyenyezi za mchira ndi miyala ya m'mlengalenga, ena amati ndi mphepo ya dzuwa, ena amati ndi nthunzi ya mapiri ophulika a pa Mwezi pomwepo. Zonsezi zingakhale zoona nthawi imodzi, pa milingo yosiyana. Zinthu zina zimene zinatuluka ku Cabeus zimaloza uku, zina uko. Nkhani ya zaka nayo yalowererapo: kafukufuku wa mu 2023 anasonyeza kuti kale Mwezi unali wopendekeka kwambiri, moti maenje ambiri analowa mumdima wosatha mochedwa kuposa mmene ankaganizira. Ngati zili choncho, anaphonya nthawi imene madzi ankabwera ochuluka.

Dziko la Mercury limapangitsa funsoli kukula. Lili pafupi kwambiri ndi dzuwa, koma nalo lili ndi maenje amdima kunsonga, ndipo rada ya pa Dziko Lapansi inaona madzi oundana kumeneko mu 1991, chombo cha MESSENGER n'kudzatsimikizira. Kumeneko zizindikiro zonse zimagwirizana, madziwo ndi ochindikala ndiponso oyera. Pa Mwezi, pamene pali maenje ozizira chimodzimodzi, ndi a apa ndi apo. Chifukwa chake chikukambidwabe.

Ndiye pali funso limene zipangizo sizingayankhe. Pangano la mayiko la mu 1967 limaletsa dziko lililonse kunena kuti Mwezi kapena gawo lake ndi lake, koma silinena momveka za chinthu chimene munthu wakumba n'kutenga. America mu 2015 ndi Luxembourg mu 2017 anakhazikitsa malamulo olola makampani kukhala eni a zimene akumba m'mlengalenga, ndipo mayiko amene anasaina mgwirizano wa Artemis, wotsogoleredwa ndi America wokhudza maulendo a ku Mwezi, kuyambira mu 2020 amati kukumba si kulanda malo. Ena amaona kuti nkhani yotere iyenera kugamulidwa ndi mayiko onse pamodzi ku United Nations. Asayansi nawo ali ndi nkhawa yawo. Utsi wa roketi iliyonse yotera uli ndi nthunzi ya madzi, ndipo ina mwa nthunziyo idzadumphadumpha mpaka kukagwera m'misampha yomweyo. Maenje ati amene ayenera kusiyidwa osakhudzidwa kufikira atayezedwa, ndiponso woyenera kusankha ndani, mayiko sanagwirizanebe.